Okonda rugby a pa Kamwendo, mlekeni lefa

Pa Kamwendo, pamene msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji ndi kuchipata cha Mwami umasiyana ndi wolowera ku Kasungu, mpira womwe anthu adakula nawo ndi wamiyendo. Loweruka masana mabawa ndi mavidiyo sho amakhala a Arsenal, Manchester United, Maule ndi Manoma. Rugby ndi yobwera. Idafika ndi anyamata omwe adakasaka ndalama ku Joni, ena m'minda ya mpesa kufupi ndi Cape Town, ena m'magalaja ndi m'nyumba za mabwana ku Pretoria ndi ku Durban, komwe timu ya dzikolo, Springboks, ikamasewera bwana ndi wantchito amayang'ana kanema mmodzi. Pobwerera kumudzi adanyamula mabulangete, mafoni ndi njinga, osaiwala jezi yobiriwira ya kolala yachikasu ija.

Anthu ake ndi ochepa. Kawirikawiri ndi tebulo limodzi pakona, ndipo amachita kumupempha mwini bawa kuti asinthe tchanelo. Koma akaupeza mpata, mkangano wawo umamveka mpaka pa chiwaya panja: kochi wasankha molakwika, uje wakalamba, uje mwendo wake sulunjika. Mikangano yotereyi ndi yabwino ndipo ipitirire. Choipa n'chimodzi chomwe adachinyamula pamodzi ndi jeziyo: timu ikangogonja, mlandu wonse umagwera woyimbira. "Lefa wadya." "Azungu safuna kuti Africa ipambane." Maganizo amenewa ndi olakwika ngakhale ku Paris komwe, koma ku Mchinji ndi oopsa, ndipo aliyense amene adaonerapo mpira wa bonanza pa bwalo la sukulu akudziwa chifukwa chake.

Chikho cha dziko lonse cha 2023 ku France chimaiyala nkhaniyi poyera. South Africa idapambana masewera atatu otsiriza ndi pointi imodziimodzi: 29-28 ndi France, 16-15 ndi England, 12-11 ndi New Zealand. Pa masewera onse atatuwa panali anthu olira ndi lefa, ndipo pa onse atatu olirawo anali a timu inayo. Afalansa mpaka lero amati Cheslin Kolbe adanyamuka nthawi isanakwane pomwe adathamanga kukatchinga mpira womwe Thomas Ramos ankamenya kuti awonjezere mapointi awiri. Amatinso Eben Etzebeth adagunda dala mpira ndi dzanja limodzi France ili pafupi kugoletsa, pamene lefa Ben O'Keeffe wa ku New Zealand adagamula kuti mpirawo udagwera m'mbuyo. Kaputeni wa France Antoine Dupont adadandaula pamaso pa atolankhani, ndipo patatha masiku asanu ndi limodzi bwalo la Stade de France lidamukuwiza O'Keeffe atabwera kudzayimbira semifainolo. Angelezi nawo adakayikira penate ya pa sikiramu yomwe Handré Pollard adamenya kuchokera chapakati pa bwalo kutatsala mphindi ziwiri. Usiku umenewo wochemerera Springboks sadamveke akunena kuti lefa wadya. Kwa iye lefa anali katswiri.

Fainolo ya pa 28 Okutobala, yomwe idayamba 9 koloko usiku nthawi ya kuno, ndiyo yofunika kuimapo pang'ono. Woyimbira anali Wayne Barnes wa ku England, ndipo pa kanema womuthandiza padakhala Tom Foley. Theka loyamba lisanathe, kaputeni wa All Blacks, timu ya New Zealand, Sam Cane adamugwira Jesse Kriel wa South Africa ali chiimire, phewa lake n'kugunda mutu wa mnzakeyo. Adapatsidwa khadi lachikasu, ndipo ounika kanema atayang'anitsitsa adalisintha kukhala lofiira. Aka kanali koyamba kuti wosewera atulutsidwe mu fainolo ya amuna ya chikhochi. Theka lachiwiri litangoyamba, kaputeni wa Springboks Siya Kolisi naye adagundana mutu ndi Ardie Savea wa All Blacks, koma lake lidakhalabe lachikasu, chifukwa adaona kuti iye adawerama pogwira ndipo mphamvu yambiri idayamba yafikira pathupi. Kwa munthu wa ku Auckland izi zidali tsankho. Kwa munthu wa ku Soweto kapena wa pa Kamwendo zidali chilungamo chenicheni. Onse awiri adaona kanema yemweyo, mobwerezabwereza, kuchokera mbali zonse.

Kenaka Aaron Smith wa All Blacks adagoletsa try, Foley n'kuikaniza chifukwa mpira udali utagwera kutsogolo m'manja mwa Savea chakumayambiriro kwa seweroli. Mpirawo udagwadi. Komanso n'zoona kuti lamulo la nthawi imeneyo linkalola wa pa kanema kubwerera m'mbuyo magawo awiri okha a sewero, ndipo iye adapitirira apo. Pamenepa a New Zealand ali ndi mfundo, ndipo wokonda Springboks woona mtima ayenera kuvomereza. Koma woona mtima wa mbali inayo avomerezenso izi: Beauden Barrett atagoletsa try patangopita mphindi zochepa, Richie Mo'unga adaphonya mapointi awiri owonjezera, ndipo chakumapeto Jordie Barrett adaphonya penate ya mapointi atatu. Mapointi asanu adatayika ndi miyendo ya osewera eni ake, pa masewera omwe adasiyana ndi pointi imodzi. Mbali inayi Pollard adamenya mapenate anayi osaphonya, ndipo Pieter-Steph du Toit adagwetsa anthu ka 28. Masewerawa adagamulidwa pamenepo.

Chomwe chidatsatira n'chochititsa manyazi. Barnes ndi mkazi wake Polly adalandira mauthenga owaopseza kuti awapha, ena okhudza ana awo. Patangotha masiku ochepa Barnes adalengeza kuti wasiya kuyimbira, atayimbira masewera 111 a pakati pa mayiko, kuposa wina aliyense m'mbuyomo. Mu Disembala Foley naye adati wasiya masewera a pakati pa mayiko chifukwa cha chipongwe chomwe iye ndi banja lake adalandira. Bungwe la World Rugby lidali litalemba kale ganyu kampani yofufuza olemba mauthenga oterewa, ndipo mu 2024 munthu wina ku Australia adakaonekera kukhoti pa mlandu wotere.

Mbiri ya Barnes yokha ikadakwanira kumuchititsa manyazi wonena kuti lefa ali ndi mbali. Mu 2007 ku Cardiff, ali ndi zaka 28, sadaone mpira womwe Afalansa adapatsirana kutsogolo, France n'kutulutsa All Blacks 20-18, ndipo New Zealand yonse idamuda. Mu Novembala 2022 ku Marseille, France itagonjetsa South Africa 30-26, omuda adali a ku South Africa. Chaka chisanathe anthu omwewo adamuombera m'manja ku Paris, a New Zealand n'kuyambiranso kumutukwana. Munthu mmodzi sangadye ndalama za aliyense. Amalakwitsa basi, monga amalakwitsira aliyense amene ayenera kugamula m'kuphethira kwa diso, amuna 30 akugundana momuzungulira.

Tsono pali dzina lomwe pa tebulo la pakona lija salitchula moipa: Rassie Erasmus. Ulemu wake ndi womuyenera. Adaitenga Springboks ngati kochi mu 2018 ili pansi, itagonja kwa Italy mu 2016 ndiponso itakwapulidwa 57-0 ndi All Blacks ku Albany mu 2017. Adamupatsa Kolisi ukaputeni, munthu wakuda woyamba kutsogolera timuyi pa masewera a pakati pa mayiko, ndipo mu 2019 ku Yokohama adatenga chikho pogonjetsa England 32-12, Makazole Mapimpi ndi Kolbe akugoletsa, Tendai Mtawarira wobadwira ku Harare akupinda sikiramu ya Angelezi. Mu 2023, iye ndi Jacques Nienaber adachitenganso. Kwa Mmalawi yemwe adakhalapo ku South Africa, n'kuona momwe jezi yobiriwira idalili ya azungu okhaokha m'maso mwa anthu ambiri akuda, kusintha kumeneku si nkhani yaing'ono.

Koma Erasmus yemweyo ndiye adaphunzitsa ochemerera ake kuti kuzunza lefa pagulu ndi njira yopambanira. Mu Julaye 2021, British and Irish Lions itagonjetsa South Africa 22-17 ku Cape Town, padatuluka vidiyo ya mphindi 62 momwe iye adatenga zigamulo za Nic Berry wa ku Australia chimodzichimodzi n'kumazing'amba. Vidiyoyo idazungulira dziko lonse. Berry adauza komiti yoweruza kuti mbiri yake idaipitsidwa ndipo banja lake lidavutika. Komitiyo idapeza Erasmus wolakwa pa milandu yonse isanu ndi umodzi, idamuletsa chilichonse cha rugby kwa miyezi iwiri, idamuletsa kupezeka pa bwalo tsiku la masewera mpaka kumapeto kwa Seputembala 2022, ndipo SA Rugby idalipitsidwa mapaundi 50,000. Chilangocho chitangotha adayambiranso, tsopano ndi timavidiyo ta pa Twitter totsatira masewera a Ireland ndi France, ndipo adamuletsanso masewera awiri. Banja la Barnes lidaopsezedwa panthawi imeneyonso. Munthu wanzeru ngati Erasmus sanganene kuti sankadziwa komwe mawu ake adzathere.

Ndipo South Africa idali ndi mbiri yake kale. Mu 2002 ku Durban wochemerera wina adalumphira m'bwalo n'kumugwetsa lefa David McHugh wa ku Ireland, mpaka phewa kuguluka. Mu 2011, Springboks itatulutsidwa 11-9 ndi Australia, Bryce Lawrence adaopsezedwa kwambiri moti sadapitenso kukayimbira m'dzikolo, ndipo chaka chotsatira adasiya. Mwambo umenewu si wofunika kuunyamula pa basi kuchokera ku Park Station.

Omuteteza Erasmus ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo siyenera kuponderezedwa. Mwa madandaulo ake lidalipo loti Berry sadamupatse Kolisi ulemu womwe adapatsa kaputeni wa Lions, Alun Wyn Jones, ndipo Kolisi mwiniwake adauza atolankhani kuti sadamve kuti akulemekezedwa. Mmalawi yemwe adaimapo pamzere wa mapasipoti ku Beitbridge, kapena kuyankhulidwa ngati mwana ndi bwana wocheperapo zaka, amaimva nkhaniyi m'mafupa. Flames nayo ili ndi chilonda chake: pa 18 Januwale 2022 ku Bafoussam, lefa adaloza penate Gomezgani Chirwa atagwetsedwa ndi wa Senegal, kenaka adakayang'ana VAR n'kuibweza, masewera n'kuthera 0-0. Anthu ambiri kuno adakhulupirira kuti timu yaikulu ikadakhala yogwetsedwayo, penate ikadamenyedwa. Kukayika koteroko sikuchokera m'maloto. Matimu ang'onoang'ono amaona zinthu zomwe akuluakulu saziona, ndipo mabungwe oyendetsa masewera amachulutsa kukayikako pobisa momwe amaunikira oyimbira awo. Akayankhula poyera nthawi zina amangomutaya munthu wawo, monga World Rugby idachitira mu 2015 polengeza kuti Craig Joubert wa ku South Africa adalakwitsa kupereka penate yomwe idatulutsa Scotland 35-34.

Komabe kudandaula kuli ndi njira yake. Kochi amatumiza kanema kwa mkulu wa oyimbira, amayankhidwa, ndipo lefa wolakwitsa mobwerezabwereza amachotsedwa pa masewera akuluakulu. Njira imeneyi ndi yochedwa ndipo ili ndi zofooka, ndiye amene ali ndi mawu m'bungwe akakamize kuti ikonzedwe. Kumuika munthu mmodzi patsogolo pa khamu la anthu mamiliyoni okwiya, ena a iwo atataya ndalama pobetcha, sikukonza lamulo lililonse.

China chomwe chimawawa n'choti ambiri okuwa kuti lefa wabera malamulo ake sadawaone n'komwe. Khadi la Cane likatchulidwa, wina amati rugby yasanduka ya akazi, kale anthu ankagundana osadandaula. Kale lomwelo lidasiya anthu odwala. Steve Thompson, yemwe adatenga chikho ndi England mu 2003, adaulula mu 2020 kuti ali ndi matenda oiwala ndipo sakumbukira ngakhale masewera omwe adapambana ku Australia. Iye ndi mazana a osewera akale adasumira mabungwe a rugby. Lamulo loteteza mutu lidakhwima chifukwa cha anthu ngati amenewa, ndipo lefa amene akutulutsa khadi akutsata zomwe adamulembera. Sikiramu ndiye nkhani ina: amuna asanu ndi atatu uku, asanu ndi atatu uko, mitu pansi, kukankhana, ndipo ikagwa ngakhale osewera akale omwe adathera zaka m'menemo amatsutsana pa kanema kuti wagwetsa ndani. Munthu amene akuonera pa wailesi yakanema yopachika pamwamba pa kauntala, mawu atatsitsidwa chifukwa cha nyimbo, akhale wodzichepetsa pang'ono.

Pa makochi nkhani ndi yosiyana. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Kochi amasankha yekha, ali ndi sabata yonse yoganiza, ndipo malipiro ake ndi a zomwezo. Womutsutsa amutsutse, bola aziyang'ana nzeru ya chisankho chake, osangodikira wezulo womaliza. Pa fainolo ya 2023, Nienaber ndi Erasmus adaika pa benchi osewera akutsogolo asanu ndi awiri ndi wakumbuyo mmodzi yekha, Willie le Roux. Adali atayesapo kale ku Twickenham mu Ogasiti pomwe adakwapula All Blacks 35-7. Koma ku Paris Bongi Mbonambi adavulala bondo masewera atangoyamba, ndipo Deon Fourie, wa zaka 37 amene nthawi zambiri ankasewera malo ena, adanyamula udindowo pafupifupi masewera onse. Faf de Klerk akadavulala, padalibe womulowa m'malo weniweni. Udali mtima wa juga, ndipo mpira wa Jordie Barrett ukadalunjika, anthu omwe lero amamutcha Erasmus namatetule akadati wapenga. Mkangano woti 7-1 ndi nzeru kapena kusasamala ndi womwe uyenera kutenga usiku wonse pa bawa. Umafuna kudziwa masewera, ndipo suvulaza munthu.

Osewera nawo amaweruzidwa ndi anthu oiwala msanga. Manie Libbok ndi chitsanzo. Pa masewera oyamba a 2023 ndi Scotland adamenyera Kurt-Lee Arendse mpira osayang'anako, anthu n'kuimirira. Patatha masabata awiri adaphonya pa masewera omwe Ireland idapambana 13-8, ndipo adasanduka wopanda ntchito. Mu semifainolo, mvula ikugwa, adamutulutsa patangotha theka la ola kuti Pollard alowe. Mu Seputembala 2024 ku Santiago del Estero adaphonya penate yakumapeto, Argentina n'kupambana 29-28, ndipo matukwana adamugwera ngati adapha munthu. Erasmus adachita chinthu chomwe ochemerera sakadachita: sabata yotsatira adamuyambitsanso ku Mbombela, ntchito yomenya mapenate n'kuipereka kwa Jaden Hendrikse, ndipo South Africa idapambana 48-7 n'kutenga chikho cha Rugby Championship. Mu Seputembala 2025 Libbok yemweyo adalowa kuchokera pa benchi ku Wellington n'kuyendetsa timu yomwe idagonjetsa All Blacks 43-10, kugonja kwakukulu koposa m'mbiri ya timuyo. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake Springboks idali itatsogola 22-0 ku Ellis Park n'kugonja 38-22 kwa Australia, ndipo panali kale ena onena kuti timu yakalamba, kochi wasokonezeka. Chodabwitsa n'choti Erasmus amene amadziwa kuteteza wosewera wake kwa khamu lokwiya ndi yemwe adamuponya Berry kwa khamu lomwelo.

Koma Libbok ndi Barnes akatuluka m'bwalo amadutsa m'kanjira kotchingidwa, alonda ali mbali zonse, basi ikudikira. Woyimbira wa ku Mchinji alibe zimenezo. Nthawi zambiri ndi mphunzitsi wa pulayimale kapena mnyamata amene adachitako kosi ya masiku ochepa. Amafika pa bwalo pa njinga yake kapena pa kabaza, nsapato zili m'jumbo. Bwalolo lilibe mpanda. Mzere ndi kakhwawa kopalidwa ndi khasu kapena phulusa lowazidwa m'mawa, ndipo anthu amaima pamzere pomwepo. Mpira ukapita mbali inayo amasendera m'kati phazi limodzi, kenaka awiri, moti womuthandiza lefa, atanyamula kansalu kapena nthambi m'malo mwa mbendera, amathamanga akukankha anthu ndi chigongono. Ngati ndi bonanza ya wofuna uphungu, pali ndalama patebulo, mayunifolomu, mwina ndi mbuzi, ndipo midzi iwiri yabwera yonse ndi ng'oma. Munthu ameneyu akaloza penate mphindi yomaliza, njira yobwerera kwawo imadutsa m'mudzi wa timu yomwe yagonjayo. Mawu oti "wadya" akatuluka pakamwa pa munthu wolemekezeka, yemwe adayenda kunja ndipo anyamata amamumvera, miyala sichedwa.

Si kuti oyimbira a kuno ndi angelo. Mu 2017 bungwe la oyimbira mpira m'dziko muno lidalengeza kuti laletsa anayi mwa iwo moyo wawo wonse pa nkhani ya ziphuphu pa masewera a Carlsberg Cup a Nchalo United ndi Chitipa United, ndipo ndalama zake atolankhani akunja adaziwerengera kuti zidali madola 20 okha. Nkhaniyi ikuonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, lefa amene salipidwa, kapena amalipidwa patatha miyezi, amagulika motchipa, choncho wokonza bonanza amene amawononga ndalama pa zimkuzamawu ndi matisheti a nkhope yake ayambe waika padera ndalama ya oyimbira ndi ya apolisi mpira usanagundidwe. Chachiwiri, anthu anayi aja adagwidwa chifukwa nkhani idafika kwa akuluakulu, umboni n'kumvedwa. Palibe mwala womwe udatulutsapo umboni.

Kutsidya kwa malire, anthu a ku Chipata amakumbukira momwe dziko lonse lidamusekera lefa wa dziko lawo Janny Sikazwe pomwe adathetsa masewera a Tunisia ndi Mali nthawi isanakwane, kawiri konse, ku Limbe ya ku Cameroon mu Januwale 2022. Timavidiyo tidayenda pa WhatsApp mpaka kuno. Ochepa adasamala kumva kuti adapita naye kuchipatala chifukwa cha kutentha kwa dzuwa, kapena kukumbukira kuti ndi munthu yemwe adayimbira fainolo ya Afcon mu 2017 ndi masewera a World Cup ku Russia mu 2018. Malawi nayo ili ndi Bernadettar Kwimbira, amene adanyamula mbendera pa World Cup ya amayi ku Canada mu 2015 ndi ku France mu 2019. Anthu otere amayambira pa mabwalo afumbi. Mtsikana wa ku Kapiri kapena ku Mkanda amene waona lefa akuthamangitsidwa mpaka m'munda wa fodya sangapemphe wezulo.

Apa ndi pomwe okonda rugby akutaya mwayi, chifukwa masewera awo ali ndi chinthu chomwe mpira wamiyendo wakhala ukuchisirira. M'bwalo la rugby woyankhula ndi lefa ndi kaputeni. Wosewera akatsutsa chigamulo, penate imasunthidwa mamita 10 kulowera kwawo, ndipo anzake omwe ndiwo amamukalipira. Etzebeth, chimunthu chopitirira mamita awiri kutalika, amaitanidwa ndi lefa wofika pachifuwa pake, amamvetsera manja ali kumbuyo, n'kutuluka mphindi khumi osaponya mkono. Lefa amavala maikolofoni, ndipo akamakambirana ndi wa pa kanema dziko lonse limamva chifukwa cha chigamulo chake. UEFA idatengera lamulo la kaputeni pa Euro 2024, ndipo makadi a otsutsa lefa adatuluka. Komiti ya mpira ya m'boma kapena ya zoni siyenera kudikira kalata yochokera ku Zurich kuti iuze makaputeni awiri, masewera asanayambe, kuti lero oyankhula ndi inu nokha. Munthu woyenera kubweretsa ganizo limeneli pa msonkhano ndi yemwe adaonapo likugwira ntchito.

Rugby siili kutali ndi Mchinji monga ena amaganizira. George Gregan, amene adasewera ka 139 mu timu ya Australia, adabadwira ku Lusaka, chimodzimodzinso Corné Krige yemwe adatsogolera Springboks pa chikho cha 2003. Ku Copperbelt kuli makalabu akale ngati Mufulira Leopards ndi Diggers ya ku Kitwe, ndipo timu ya Zambia ya osewera asanu ndi awiri idapita ku Commonwealth Games mu 2018 ndi mu 2022. Ku Lilongwe bungwe la Bhubesi Pride Foundation lakhala likuphunzitsa ana masewerawa. Ndipo mu Julaye 2025 ku Kampala, Zimbabwe idagonjetsa Namibia 30-28 n'kudzigulira malo ku chikho cha dziko lonse koyamba chichokereni 1991.

Chikhocho chidzakhala ku Australia kuyambira pa 1 Okutobala 2027, ndi matimu 24. Zimbabwe ili m'gulu limodzi ndi England, Wales ndi Tonga. South Africa ili ndi Italy, Georgia ndi Romania. Chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, masewera adzaoneka kuno m'mawa ndi masana, Premier League isanayambe, ndiye kanema adzakhala wopanda omulimbirana, ndipo akabaza, ogula soya ndi ana obwera kusukulu adzasuzumira nawo. Ambiri adzachemerera Zimbabwe, poti mabanja ochuluka ali ndi achibale omwe adatchona kumeneko. Ma Sables, timu ya Zimbabwe, akadzakumana ndi sikiramu ya England adzapatsidwa mapenate motsatizana, ndipo ongoyamba kumene adzatembenukira kwa amene amaidziwa rugby kufunsa kuti lefa waimbiranji. Wofunsidwayo ali ndi nthawi yokonzekera yankho. Malamulo a rugby alipo 21, ndipo World Rugby idawaika pa intaneti kwaulere, moti bandulo ya tsiku limodzi ikwanira. Lachisanu ndi chimodzi likunena za oyimbira, la 9 za kusewera moopsa, la 11 za mpira wogwera kutsogolo, ndipo la sikiramu ndi la 19.